Penti wodutsa m'chiguduli: mmene zojambula za ku Korea ndi China zinafikira pamakoma a mayiko a azungu

Ha Chong-hyun, mkulu wa ku South Korea wobadwa mu 1935, sapaka penti kumaso kwa nsalu monga achitira anzake. Amatenga chiguduli chokhakhala, chonga chija timamangira mabelo a fodya, n'kuchikunga pafulemu. Akatero amazungulira kumbuyo n'kuyamba kukankha penti wolimba mpaka pentiyo atabowoleza m'timipata ta ulusi. Ukaima kutsogolo umaona timadontho tatuluka ngati thukuta pamphuno. Pena amatisiya momwemo, pena amatikokera m'mwamba ndi kachitsulo, pena amalola kuti titsetsereke tokha. Anayamba zimenezi mu 1974, ndipo ntchito zonsezo amazitcha dzina limodzi, Conjunction, n'kumangosintha manambala.

Kwa zaka pafupifupi 40, kunja kwa Korea ndi Japan, anthu odziwa za ziguduli zimenezi unkachita kuwawerenga. Lero zimapachikidwa pamakoma oyera a nyumba zoonetsera zaluso ku New York, Paris, London ndi Los Angeles, ndipo ogula amachita kulimbirana. Chiguduli n'chomwe chija, penti ndi yemwe uja. Chinasintha ndi anthu oima pakati pa wojambula ndi woona, komanso nkhani imene anthuwo anasankha kufotokoza. Izi n'zimene zinachitikiranso ojambula a ku China, kungoti iwo anadzera njira ina, ndipo anafika msanga n'kupsa msanga.

Tiyambe tasiyanitsa nyumba zitatu, chifukwa ambiri timazisokoneza. Myuziyamu imasunga ndi kuonetsa, sigulitsa. Galari ndi sitolo, ngakhale eni ake sakonda kuti muitchule choncho. Kulowa n'kwaulere, mitengo sailemba pakhoma, koma chilichonse chopachikidwacho chili pamalonda. Galari imatenga wojambula kukhala wake, imamulipirira zotumiza katundu, inshuwalansi, mabuku a zithunzi ndi malo kumisika ikuluikulu, ndipo chojambula chikagulidwa kawirikawiri amagawana pakati n'pakati. Nyumba yachitatu ndi ya okushoni, monga Sotheby's ndi Christie's. Amene anaonapo malonda a fodya ku Kanengo akudziwa kale mmene zimayendera: wotchula mtengo wapamwamba ndiye watenga. Kusiyana kwake n'kwakuti pano wogulitsa nthawi zambiri si mlimi. Ndi munthu amene anagula chojambulacho kale, ndipo phindu lalikulu limapita m'thumba mwake, osati mwa amene anagwira burashi.

Nyumba zitatuzi zimadyerana. Galari imafuna kuti myuziyamu ionetse munthu wake, chifukwa dzina la myuziyamu lili ngati chidindo cha mfumu pakalata. Chidindo chikagwa, mitengo ya kuokushoni imakwera, ndipo galari nayo imapeza chifukwa chokwezera yake. Choncho mukamva kuti wojambula wakutiwakuti wa ku Seoul kapena Beijing "watulukiridwa" ku Ulaya, dziwani kuti kumbuyoko kuli anthu amene akhala akukoka zingwe kwa zaka.

Ojambula a ku China sanayambe dzulo kupita kunja. Sanyu anafika ku Paris cha m'ma 1920 ndipo anafera komweko mu 1966 ali mmphawi. Zao Wou-Ki anapita mu 1948, Chu Teh-Chun mu 1955, ndipo awiriwa analandiridwa ngati ojambula a ku France. Koma funde limene anthu amalitcha zaluso zamakono za ku China linabadwira kumudzi, itatha nthawi yachipwirikiti ya Cultural Revolution ya 1966 mpaka 1976, pamene wojambula ankangoyenera kujambula mtsogoleri wa dzikolo Mao Zedong, alimi omwetulira ndi asilikali a zifuwa zotambasuka. Mu September 1979 kagulu kotchedwa Stars, kataona kuti sikapatsidwa malo m'nyumba yaikulu ya zaluso ku Beijing, kanangopachika ntchito zake pampanda wa kunja kwa nyumbayo. Apolisi anabwera kudzachotsa. Patapita zaka pafupifupi 10, mu February 1989, nyumba yomweyo inalola chionetsero chachikulu cha achinyamata, China/Avant-Garde. Tsiku lotsegulira lomwelo mtsikana wina wojambula, Xiao Lu, anatulutsa mfuti n'kuwombera kawiri ntchito yake yomwe. Chionetsero chinatsekedwa. Miyezi inayi pambuyo pake kunachitika zoopsa za ku Tiananmen, pamene asilikali anapha anthu ochita zionetsero ku Beijing, ndipo makomo onse anatsekeka.

Apa m'pamene panagona nkhani yonse. Ojambulawa analibe koonetsera kwawo, analibenso ogula kwawo. Ena, monga Fang Lijun ndi Yue Minjun, ankachita lendi timanyumba ta alimi ku Yuanmingyuan m'mphepete mwa Beijing. Amene ankabwera kudzagogoda anali akazembe, atolankhani a kunja ndi amalonda a ku Hong Kong. Zionetsero zina zinkachitikira m'zipinda zochezera za alendowa. Ndiye wogula akakhala mlendo, maso amene amasankha amakhalanso a mlendo.

Chaka cha 1993 ndicho chinatsegula njira. Ku Hong Kong, Johnson Chang wa galari ya Hanart TZ, mogwirizana ndi wounika zaluso Li Xianting, anakonza chionetsero cha China's New Art, Post-1989, chimene pambuyo pake chinayendayenda m'mayiko ena. Chaka chomwecho ku Berlin kunalinso chionetsero chachikulu, ndipo gulu la ojambula a ku China linaitanidwa ku Venice Biennale, msonkhano wa zaluso wochitika zaka ziwiri zilizonse ku Italy, umene kwa ojambula uli ngati mpikisano wa mpira wa dziko lonse. Li Xianting ndiye anali atapereka kale maina awiri amene azungu anawagwira msanga: Political Pop ndi Cynical Realism. Dzina loyamba linkanena za anthu onga Wang Guangyi, amene ankatenga zithunzi za antchito okweza zibakera za nthawi ya Mao n'kuziphatikiza ndi zizindikiro za makampani monga Coca-Cola. Lachiwiri linkanena za amuna a mipala oyasamula a Fang Lijun ndi nkhope zoseka za Yue Minjun.

Nkhope ya Yue Minjun ukaiona kamodzi suiiwala. Ndi iye mwini, khungu lofiirira ngati wapsa ndi dzuwa, maso otsinzina, kukamwa yasa, mano ambirimbiri ofanana ngati chimanga chapachitsononkho. Amaibwereza kasanu, kakhumi m'chojambula chimodzi, ndipo ukayang'anitsitsa umazindikira kuti kusekako kulibe chimwemwe. Chojambula chake cha 1995, Execution, chimaonetsa amuna ovala makabudula amkati okha akuseka patsogolo pa khoma lofiira, anzawo atawaloza ngati agwira mfuti, koma m'manja mulibe kanthu. Munthu wina wogwira ntchito kubanki anachigula pamtengo wongopitirira pang'ono madola 30,000, atalonjeza kuti sachionetsa poyera kwa zaka zisanu. Mu October 2007 chinagulitsidwa kuokushoni ku London pa mapaundi 2.9 miliyoni. Nyuzipepala zinkachitcha chithunzi cha Tiananmen. Yue mwiniwakeyo ankakana kuti asachione choncho, koma ndani ankamvera? Mlendo anali atapeza kale zimene ankafuna: munthu wa ku China akuseka boma lake mobisa.

Li Xianting mwiniwakeyo anadzadandaula pambuyo pake. Anayerekeza zaluso za dziko lake ndi kambale ka zokazinga za ku China kongoikidwa patebulo la phwando la eni ake kuti mbale zioneke zamitundumitundu. Ine ndimaona kuti mkuluyu ananena zoona, ngakhale kuti mbaleyo anathandiza kuphika ndi iye yemwe.

Munthu wina wosati n'kumudumpha ndi Uli Sigg wa ku Switzerland, amene anali kazembe ku Beijing kuyambira 1995 mpaka 1998. Ataona kuti palibe myuziyamu ya ku China imene ikusunga ntchito za m'badwo umenewu, anayamba kugula mwadongosolo, zimene ankazikonda ndi zimene sankazikonda zomwe. Ndi iye anayendetsa Harald Szeemann, wokonza Venice Biennale ya 1999, m'nyumba za ojambula, ndipo chaka chimenecho ojambula a ku China pafupifupi 20 anaonekera ku Venice. Mu 2012 Sigg anapereka ntchito 1,463 ku myuziyamu ya M+ ku Hong Kong, imene inatsegulidwa mu 2021. Tangoganizani: mbiri ya zaluso ya dziko la anthu opitirira biliyoni inasungidwa m'nyumba ya mzungu mmodzi m'mphepete mwa nyanja ku Switzerland.

Kuyambira 2006 ndalama zinayamba kuchita misala. Mu March chaka chimenecho Sotheby's inachita okushoni ya zaluso zamakono za ku Asia ku New York, ndipo chojambula cha Zhang Xiaogang chinatsala pang'ono kufika madola 1 miliyoni. Zhang amajambula nkhope zotuwa, zopanda chisoni kapena chimwemwe, zotengera pazithunzi zakale za banja za nthawi ya Mao, ndi kaulusi kofiira kolumikiza mayi, bambo ndi mwana. Patangotha zaka ziwiri mitengo yotere inali itasanduka yamasewera. Magalari a ku Ulaya ndi America anakhamukira ku Beijing, kudera la mafakitale akale a zida lotchedwa 798. Pace ya ku New York inatsegula nthambi kumeneko mu 2008. Mu October chaka chomwecho wosonkhanitsa zaluso Charles Saatchi anatsegula nyumba yake yatsopano ku London ndi chionetsero cha ojambula a ku China okhaokha, nthawi yomwe mabanki a dziko lapansi anali kugwa ngati nthochi zakupsa.

Chimene chinawawa ojambula kwambiri chaka chimenecho ndi nkhani ya Estella Collection. Ntchito pafupifupi 200 zinasonkhanitsidwa, ndipo ojambula ena ananena kuti anagulitsa motchipa chifukwa anauzidwa kuti zidzasungidwa pamodzi, mwinanso kuperekedwa kumyuziyamu. Zinaonetsedwa ku myuziyamu ya Louisiana ku Denmark ndi ku Israel Museum ku Jerusalem, buku lalikulu linasindikizidwa, kenako zonse zinapezeka zili kuokushoni. Mamyuziyamu awiri aja anagwira ntchito yokweza mtengo osadziwa. Chuma chitagwa, mitengo ya ojambula ambiri a funde limenelo inatsika koopsa, ndipo ena sanadzukenso. Amene anapulumuka anapulumutsidwa ndi ogula a kwawo, pakuti pofika nthawiyi China inali ndi mabwana akeake. Mu October 2013 chojambula cha Zeng Fanzhi, The Last Supper, chinagulidwa ku Hong Kong pa madola a ku America 23.3 miliyoni. Ndi mgonero wa Ambuye uja, koma ophunzira avala zigoba kumaso ndi timipango tofiira ta ana a chipani, akudya mavwende, ndipo Yudasi yekha ndiye wavala tayi wachikasu.

Nkhani ya ku Korea inayenda pang'onopang'ono, ndipo kwa ine ndi imene ili ndi nyama yambiri.

M'badwo wa Ha Chong-hyun unabadwa dziko lili pansi pa Japan, imene inalamulira Korea kuyambira 1910 mpaka 1945. Ali anyamata anaona nkhondo ya 1950 mpaka 1953, ndipo atakula anakhala pansi pa ulamuliro wankhanza wa Park Chung-hee, kuyambira 1961 mpaka 1979. Chiguduli chija sichinangosankhidwa chifukwa cha kukongola. Matumba otere anali ponseponse itatha nkhondo, obwera ndi chakudya chachithandizo ndiponso odzazamo mchenga m'misasa ya asilikali, ndipo nsalu yeniyeni yojambulapo inali yodula. Asanayambe kukankha penti, Ha ankakulunga waya waminga pansalu.

Mnzake Park Seo-bo, amene anamwalira mu October 2023, ankafotokoza kuti njira yake anaiphunzira kwa mwana wake wamng'ono. Mwanayo ankayesa kulemba zilembo m'timabokosi ta m'kope la mkulu wake, zikumukanika, mpaka anakwiya n'kungokhwatchakhwatcha tsamba lonse. Bamboyo ataona anati ndi zimenezi. Anayamba kupaka penti woyera, ndipo pentiyo asanaume ankakoka mizere ndi pensulo, mzere pa mzere, mazanamazana, n'kupakanso, n'kukokanso. Ntchitozo anazitcha Ecriture. Iye ankati cholinga si chithunzi, koma kudzikhuthula mumtima pobwereza chinthu chimodzi, monga amachitira amonke a Chibuda. Pambuyo pake anayamba kugwiritsa ntchito hanji, pepala la ku Korea lopangidwa ndi khungwa la mtengo wa mabulosi, limene ankaliviika m'madzi n'kulikankha ndi ndodo mpaka litapanga mizere yotukuka ngati ya m'munda wa mbatata.

Wachitatu, amene ine amandigwira mtima koposa, ndi Yun Hyong-keun. Mu 1950 anapulumukira pakamwa pa mfuti pamene boma linkapha anthu oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu. Mu 1956 anakhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Mu 1973, ali mphunzitsi pasukulu ina ya atsikana ku Seoul, anadzudzula zoti mwana wina walowa pasukulupo kudzera kukhomo lakumbuyo mothandizidwa ndi akuluakulu, ndipo anamumanga pomunamizira kuti chipewa chake chikufanana ndi cha Lenin, mtsogoleri wa achikomyunizimu wa ku Russia. Atatuluka anasiya mitundu yowala. Moyo wake wonse wotsala anagwiritsa ntchito mitundu iwiri yokha, wadothi loderako ndi wabuluu, yosakaniza ndi kusungunula kwambiri, n'kumaipaka kambirimbiri pansalu yosakuta mpaka itada ngati mtengo wopserera. Ukaima patsogolo pake umaona zipilala ziwiri zakuda ndi kampata kowala pakati, m'mphepete penti atalowerera munsalu ngati mafuta papepala. Anamwalira mu 2007, kutchuka kwenikweni kusanafike, ngakhale kuti katswiri wa zaluso wa ku America Donald Judd anali atamuona kale mu 1991 n'kumuitanira ku New York ndi ku Marfa, katauni ka ku Texas.

Anthuwa sanali gulu lokhala ndi dzina kapena malamulo. Koyamba kuti ojambula a mtunduwu aonetsedwe pamodzi kunja kunali ku Tokyo Gallery mu 1975, pachionetsero cha ojambula asanu chotsindika za mtundu woyera. Pali chowawa pamenepa, chifukwa maganizo akuti kuyera ndiwo mtima wa Akorea anafalitsidwa kwambiri ndi olemba a ku Japan nthawi ya utsamunda. Dzina lakuti Dansaekhwa, lotanthauza chojambula cha mtundu umodzi, linakhazikika mochedwa. Wounika zaluso Yoon Jin-sup analigwiritsa ntchito mu 2000 mumzinda wa Gwangju ku Korea, ndipo anakana dala kulimasulira m'Chingerezi. Mu 2012 myuziyamu ya boma ya zaluso zamakono ku Korea inachita chionetsero chachikulu pansi pa dzina lomwelo. Kukana kumasulirako kunali kuchenjera. Ukanena kuti "zojambula za mtundu umodzi za ku Korea", mzungu amva kuti ndi ana a sukulu otsanzira zimene America inachita kale. Ukanena kuti Dansaekhwa, ayenera kufunsa kuti n'chiyani, ndipo wofunsa amakhala pansi kuti amve.

Kenako zinthu zinathamanga. Mu 2014 galari ya Blum & Poe ku Los Angeles inachita chionetsero chokonzedwa ndi katswiri wa mbiri ya zaluso Joan Kee. Chaka chomwecho Kukje Gallery ya ku Seoul, imene mayi Lee Hyun-sook anayambitsa mu 1982, inachita chake, ndipo galari ya Perrotin inaonetsa Park Seo-bo ku Paris. Mu 2015 Kukje, pamodzi ndi Tina Kim Gallery ya ku New York, imene mwini wake ndi mwana wa mayi Lee, komanso Boghossian Foundation ya ku Brussels, anabwereka nyumba yakale ya Palazzo Contarini-Polignac ku Venice n'kuikamo nkhalamba zawo nthawi ya Biennale, pamene ogula onse akuluakulu a dziko lapansi amakhala ali mumzindawo. Mu 2016 galari ya White Cube inaonetsa Park ku London. Galari ya David Zwirner inatenga ntchito za malemu Yun, ndipo mu 2019 ntchito zakezo zinaonetsedwa m'nyumba ya Palazzo Fortuny ku Venice. Mu November chaka chimenecho chojambula chabuluu cha timadontho zikwizikwi cha Kim Whanki, mpongozi wa Yun amene anafera ku New York mu 1974, chinagulidwa ku Hong Kong pa madola pafupifupi 13 miliyoni.

Taonani kusiyana kwake. Ku China mlendo ndiye anabwera kudzasankha. Ku Korea eni ake ndiwo anasankha, anapereka dzina, analemba mabuku, analipira lendi ku Venice. Boma la South Korea lili ndi mabungwe othandiza magalari kupita kumisika ya kunja, ndipo makampani awo amathira ndalama m'mamyuziyamu a azungu: Hyundai Motor yakhala ikulipirira zionetsero za m'holo yaikulu ya Tate Modern ku London kuyambira 2015. Nthawi nayo inawakomera. Ogula anali atatopa ndi nkhope zoseka ndi mitengo youluka, ndipo apa anapeza nkhalamba za zaka 80, za mbiri yaitali, ntchito zodekha zokhala bwino pakhoma la m'chipinda chochezera, pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo a ku America.

Koma tisanamizane kuti eni ake akasankha ndiye kuti chilungamo chachitika. Kumudzi kwawo, m'zaka za m'ma 1980, achinyamata ankawanyoza akuluakulu a Dansaekhwa. Asilikali atapha anthu ku Gwangju mu May 1980 kunabuka gulu la Minjung, ojambula a anthu wamba, amene ankajambula alimi, antchito ndi zionetsero za mumsewu pazinsalu zikuluzikulu. Iwo ankafunsa kuti: dziko likuyaka moto, inu mukukoka mizere yoyera? Ambiri mwa akuluakuluwo analinso ndi mipando m'mayunivesite, ndipo ndiwo ankasankha oti apite kunja. Otsatira Dansaekhwa amayankha kuti kukhala chete pamaso pa wolamulira wofuna kutamandidwa nakonso n'kukana, ndipo moyo wa Yun ndi umboni. Mkanganowu sunathe, koma m'magalari a kunja mumamveka mbali imodzi, chifukwa chojambula cha mlimi wokwiya n'chovuta kugulitsa kwa mwini banki. Amayi nawo anatsalira. Maina onse otchuka a Dansaekhwa ndi a amuna, ndipo wojambula wamphamvu ngati Choi Wook-kyung, amene anamwalira mu 1985, wayamba kukumbukiridwa kunja posachedwa pomwepa.

Ndiye mlendo wolowa m'magalari ku London akhoza kutuluka akuganiza kuti anthu a ku China ndi aphokoso ndi andale, pamene a ku Korea ndi ofatsa ndi osinkhasinkha. Zonse ziwiri ndi theka la choonadi. China ili ndi ojambula a inki odekha ambirimbiri, Korea ili ndi olusa.

Pamene pagwa ndalama, ntchentche sizichedwa. Lee Ufan wa ku Korea, wobadwa mu 1936, ndiye wodziwika kunja koposa onse a m'badwo uno: anakhala nthawi yaitali ku Japan ndi ku France, anaonetsedwa ku myuziyamu ya Guggenheim ku New York mu 2011 ndi ku nyumba yachifumu ya Versailles ku France mu 2014, ndipo ali ndi mamyuziyamu a dzina lake ku Naoshima ku Japan ndi ku Arles ku France. Ntchito zake zotchuka ndi mizere ya burashi imodzi yokokedwa kuchokera pamwamba mpaka penti atatha. Mu 2016 apolisi ku Seoul anagwira zojambula 13 zimene akatswiri a boma anati n'zachinyengo, ndipo munthu wina anavomera kuti ndi iye anapanga zina mwa izo. Lee anapita kupolisi, anaziyang'ana, n'kunena kuti zonse ndi zake. Wachinyengo akuti ndapanga ndine, mwini dzina akuti ayi, ndapanga ndine. Khoti linamanga wachinyengoyo.

Ndale nazo sizinachoke pakhomo. Mu 2017 Guggenheim inachotsa ntchito zitatu pachionetsero chachikulu cha zaluso za ku China anthu atakwiya kuti zikuzunza nyama. Mu September 2019 America inaika msonkho wa 15 peresenti pazaluso zopangidwa ku China, ngakhale zitachokera m'nyumba ya munthu ku Paris, ndipo chaka chomwecho Pace inatseka nthambi yake ya ku Beijing. Hong Kong, imene inakula chifukwa salipiritsa msonkho pazaluso ndipo yakhala ndi msika wa Art Basel kuyambira 2013, inalandira lamulo lachitetezo mu 2020, ndipo kuyambira pamenepo okonza zionetsero amayamba ayang'ana uku ndi uku asanapachike chinthu.

Ojambula a ku China amene akuonetsedwa kunja masiku ano ambiri safunanso kunyamula mbendera. Liu Ye, amene ali ndi David Zwirner kuyambira 2019, amajambula mabuku, maluwa ndi tiana ta mitu yozungulira. Liu Xiaodong ataitanidwa ndi Lisson Gallery ku London mu 2013 sanabweretse China m'sutikesi. Anatenga mabulashi ake n'kukakhala milungu ingapo m'mabala awiri ndi malo omwera khofi apafupi ndi galariyo, akujambula eni malo ndi makasitomala awo. Azungu anabwera kudzaona Mtchaina, anadziona okha. Ku mbali ya Korea, Lee Bae, amene anafika ku Paris mu 1990 n'kuyamba kujambula ndi makala chifukwa penti anali wodula, mu 2023 anaimika mulu wautali wa makala pa Rockefeller Center pakati pa New York.

Ndipo mawu akuti "kunja" ayamba kusokonekera, chifukwa tsopano magalari a azungu ndiwo akupita kwa eni ake. Perrotin inatsegula ku Seoul mu 2016, Pace ndi Lehmann Maupin mu 2017, Thaddaeus Ropac mu 2021, White Cube mu 2023, ndipo msika wa Frieze wa ku London unayamba kuchitikira ku Seoul mu September 2022. Achinyamata a kumeneko amadzaza m'zionetsero, ena atakopeka ndi woimba RM wa gulu la BTS, amene amagula ntchito za Yun Hyong-keun n'kumaziika pa Instagram. Magalariwa akapita ku Seoul amatenga ojambula a kumeneko kupita nawo ku Ulaya, komanso amabweretsa awo. Mmodzi mwa amene Lehmann Maupin inabweretsa kumapeto kwa 2021 ndi Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973 ndipo amakhala ku Johannesburg. Iye sagwira burashi. Amadula tizidutswa ta nsalu ya silika n'kutisoka ndi manja, ndipo pachionetsero cha ku Seoul, anthu a mumzindawo anaima pamaso pa zithunzi za mwana wake ndi abale ake.